Sikani ndi X-ray za pa kiliniki ya pulaiveti pa Boma, mmene ndazionera ine

Anthu akhala akundifunsa ku shopu za kiliniki ya pulaiveti ija ili pa Boma la Mangochi pano, yomwe yayamba kujambula anthu m'mimba ndi pachifuwa, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense aziwerengera yekha. Dzina lake sinditchula chifukwa pali zina zomwe ndidandaule m'munsimu ndipo cholinga changa sikugwetsa bizinesi ya munthu. Yankho langa ndi loti pitani, ntchito amaigwira bwino ndithu, koma muzipita mukudziwa chomwe mukulipira komanso chomwe mukuyenera kutuluka nacho m'manja, chifukwa mukangokhala chete mutuluka ndi mawu okha basi.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi malaputopu, tsiku lonse ndimakhala ndi bodi pansi pa nyali, nde ndikaona makina alionse maso anga amathamangira kuti mkatimo muli chani. Za makinawo ndikamba ndithu chifukwa mtengo womwe timalipira pa windo paja ukuchokera kumeneko. Ndinapitako ndi madamu pa nkhani ya pakati, ulendo wina ndinaperekeza bambo anga omwe amakhala cha ku Malombe, anali asodzi kalekale ndipo chifuwa chinawavuta kwa nthawi.

Polandira alendo palibe vuto. Pali mabenchi pamthunzi, fani ikuzungulira, ndowa ya madzi osamba m'manja pakhomo, ndipo mtsikana wa pa windo amalankhula Chichewa ndi Chiyao chomwe. Izi musazione zochepa, bambo anga Chichewa amamva bwinobwino koma akadwala amafuna adandaule m'Chiyao, ndipo atangoyankhidwa m'chilankhulo chawo anamasuka nkuyamba kufotokoza zinthu zomwe ngakhale ine sanandiuzeko kunyumba, zoti usiku amatuluka thukuta mpaka kunyowetsa chofunda.

Sikani nde imene inandigwira mtima. Ndinkayembekezera chimakina chachikulu chamatayala chija timachiona m'zipatala, koma adokotala anangotulutsa kachipangizo kokwana m'dzanja limodzi, kali ndi chingwe chomwe anachilowetsa ku tabuleti, basi makina onse ndi omwewo. Madamu anauzidwa kale kuti amwe madzi ambiri asakodze, anagona pa bedi, adokotala nkuwapaka jelo uja pamimba, ozizira, madamu mpaka anadzidzimuka. Poyamba pa sikirini pankangooneka zotuwa zokhazokha zikuyendayenda, kenako adokotala anapendeketsa dzanja pang'ono nkuima, amvekere "mayi taonani apa, uwu ndi mutu, uwu ndi msana, ichi chikuphethiraphethira apachi ndi mtima." Kenako anatembenukira kwa ine, "achimwene sunthirani kuno nanunso muone, musaime kutali." Anaika timadontho tiwiri uku ndi uku kwa mutu kuyeza kukula kwake, anayezanso fupa la ntchafu, tabuleti nkuwerengetsa yokha masabata a mimba. Sanathamange ayi, funso lililonse la madamu anayankha, ndipo anatiuza kuti bungwe la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera ajambulidwe kamodzi masabata 24 asanakwane, zomwe ndi zoona, malangizo amenewo anatuluka mu 2016. Amayi a kumudzi ambiri amadikira mimba ikule kaye kuti anthu asadziwe msanga, koma masabata amawerengeka molondola mimba ikadali yaing'ono, nde abale anga musamachedwe.

Ena amaopa kuti sikani iwotcha mwana, ndamvapo azimayi akukambirana zimenezi pa benchi pomwepo. Sikani si X-ray, ilibe cheza chilichonse, imagwiritsa ntchito mawu basi, kungoti ndi mawu okwera kwambiri oti khutu silingamve. Khutu la munthu limathera pa kunjenjemera pafupifupi 20,000 pa sekondi pomwe sikani imatumiza mamiliyoni pa sekondi. Mawuwo amalowa m'thupi nkubwerera, ngati mmene zimakhalira ukakuwa pafupi ndi phiri mawu ako nkukubwerera, ndipo makina amawerengera nthawi yomwe atenga kuti abwerere nkujambula chithunzi. Jelo uja ntchito yake ndi kuchotsa mpweya pakati pa khungu ndi kachipangizo chifukwa mpweya umatchinga mawuwo. Amene anayambitsa zojambula amayi oyembekezera motere ndi dokotala wina wa ku Glasgow, Ian Donald, zotsatira zake anazisindikiza mu 1958.

Tsono apa nde pomwe ine wa mabodi ndinatchera khutu. Makina a sikani ambiri kumutu kwake kumakhala timiyala tapadera toti ukatipatsa magetsi timanjenjemera, ukatifinya timatulutsa magetsi. Khalidwe limeneli analitulukira ndi anthu awiri apachibale a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, mu 1880, ndipo masiku ano timiyalato timapangidwa ku fakitale kuchokera ku mtovu wosakaniza ndi zirconium ndi titanium, amangoti PZT. Kudula timiyala timeneti nkutilumikiza ndi mawaya kamodzikamodzi ndi ntchito yodula, komanso mutu umodzi umagwira bwino pa kuya kumodzi, nchifukwa chake chimakina chachikulu chimakhala ndi mitu ingapo, wina wa mimba wina wa mtima wina wa zapafupi ndi khungu. Tizipangizo tolumikiza ku foni tilipo ta makampani angapo tsopano, Philips ali ndi Lumify, GE ali ndi Vscan, koma omwe anapita njira ina ndi a Butterfly Network a ku America, kampani yomwe anaiyambitsa Jonathan Rothberg mu 2011. Iwowa anasiya timiyala nkusema ting'oma ting'onoting'ono pafupifupi 9,000 pamwamba pa chipu cha silicon, chopangidwa m'mafakitale omwewo opanga mapulosesa, omwe ndi ubongo wa foni ndi kompyuta, nde mutu umodzi umatha kujambula thupi lonse. Boma la America linavomereza kachipangizo kawo mu 2017 ndipo kanayamba kugulitsidwa pa mtengo wa madola pafupifupi 2,000, pomwe makina aakulu amafika madola masauzande makumimakumi. Nzeru imeneyi anaitchinga ndi mapatenti ambirimbiri, zikalata za boma zoteteza chomwe munthu watulukira, wina sangangoikopera. Apa nde mukuona kuti za mapulosesa ndi za chipatala zakumana pamodzi, ndipo ndi chifukwa chake kiliniki yaing'ono ya ku Mangochi lero ikutha kukhala ndi sikani, chinthu choti kale unkachipeza m'zipatala zikuluzikulu zokha.

Ndipo musaiwale tabuleti ija, chifukwa chithunzi chikuonekera komanso kuwerengedwa mmenemo. Pulosesa ya m'matabuleti ndi mafoni pafupifupi onse omwe amabwera pa tebulo langa, kaya ndi itel kaya Tecno kaya Samsung, kaya chipu chake ndi cha MediaTek, Qualcomm kapena Unisoc, mapulani ake amachokera ku kampani imodzi ya ku Cambridge ku England yotchedwa Arm. A Arm ndalama zawo zagona pa kugulitsa chilolezo chogwiritsa ntchito mapulani awo, nkumalandirako kangachepe pa chipu chilichonse chomwe chagulitsidwa, ndipo pulosesa yoyamba ya mtundu wa Arm inatuluka mu 1985. Nde ukagula foni pa msika wa Mangochi, kandalama kena kamakafika ku Cambridge iwe osadziwa. Mikangano ya mapatenti pa machipu inayamba ndi machipuwo, Jack Kilby wa ku Texas Instruments anapanga chake mu 1958, Robert Noyce wa ku Fairchild nkubwera ndi chake cha silicon mu 1959, anakokana kwa zaka mpaka makampani awiriwo anagwirizana mu 1966 kuti azibwerekana mapatenti. Pano kwabwera RISC-V yomwe inayambira pa yunivesite ya California ku Berkeley mu 2010, imeneyi malamulo ake a pulosesa ndi otsegula aliyense atha kupangirapo chipu osalipira chilolezo, ndipo ine ndimaitsatira ndi chidwi chifukwa mayiko osauka ngati athu pakhomo polowera ndi pamenepo.

Chimodzi chomwe ndinawakondera adokotala aja, sanakokomeze kachipangizo kawo. Ananena okha kuti kamathandiza kuona ngati mwana ali moyo, wagona bwanji, ndi mmodzi kapena mapasa, nsengwa ili pati, komanso chikhodzodzo ndi impso kwa anthu omwe likodzo linawakhalitsa, lomwe kuno kunyanja ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Koma akaona chokayikitsa chofuna makina akuthwa amakulembera kalata upite ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre. Munthu wofuna ndalama yekha sangakuuze malire a makina ake.

X-ray ya bambo inali nkhani ina. Anawalowetsa m'kachipinda ka chitseko cholemera, anavula malaya ndi kuchotsa chilichonse chachitsulo, nkuwaimika chifuwa chitagunda chibolodi choyera chafulati, manja m'chiuno mapewa kutsogolo. Wojambula uja anawauza mwaulemu, "bambo kokani mpweya wambiri, gwirani pompo musapume," kunangomveka kulira pang'ono basi zatha, ine anandiimika panja. Tisanakhale nkomwe pansi chithunzi chinali chili kale pa kompyuta, nthiti zonse mbee, ndipo amatha kuchikulitsa, kuchiwalitsa kapena kuchidetsa kuti aone bwino malo amodzi. Amene munajambulitsapo kale mukukumbuka filimu yakuda ija, yomwe inkatsukidwa ndi mankhwala m'chipinda chamdima nkuyanikidwa, ukudikira, nthawi zina nkutuluka yosaoneka bwino kuti ujambulidwenso. Filimu ija inkakhala ndi siliva ndipo mankhwala ake ankachokera kunja, akatha ntchito imaima. Chibolodi cha masiku anochi mkati mwake muli mankhwala owala akagundidwa ndi X-ray, ambiri amagwiritsa ntchito cesium iodide ena gadolinium, ndipo pansi pake pali galasi lodzaza timatransista mamiliyoni tomwe timasandutsa kuwalako kukhala manambala. Galasi limenelo kapangidwe kake ndi kachibale ndi sikirini ya laputopu yomwe ndimasintha ku shopu, kusiyana kwake sikirini imatulutsa chithunzi pomwe ili limalandira. Chibolodi chimenechi chikagwa pansi nkusweka ndalama zake ndi zoopsa, nde ndinamvetsa chifukwa chomwe wojambula uja amachigwirira ndi manja awiri.

Ataona chithunzi adokotala anati pamwamba pa phapo limodzi pali chokayikitsa, koma X-ray payokha siitsimikiza TB, nde anawalembera kuti apite kuchipatala cha boma akapereke makhololo akayezedwe pa makina a GeneXpert, nkutikumbutsa kuti kuyeza ndi mankhwala a TB ku boma ndi zaulere. Sanatigulitse botolo lililonse la mankhwala a chifuwa kuti angopezapo kenakake. Pa ichi chokha ndikanawapatsa mamakisi onse. Bambo pano akumwa mankhwala awo ndipo chakudya chayamba kulowa.

Pali chinthu chimandikhudza pa X-ray. Yemwe anaitulukira, Wilhelm Röntgen wa ku Würzburg ku Germany, pa 8 Novembala 1895, anakana kutenga patenti, ankafuna kuti anthu onse apindule nayo. Chithunzi chotchuka cha dzanja la mkazi wake, mafupa ndi mphete zikuonekera, chinazungulira dziko lonse ndipo pasanathe chaka chimodzi madokotala m'mayiko ambiri anali atayamba kale kujambula anthu othyoka. Mu 1901 analandira mphoto ya Nobel yoyamba ya physics, ndalama zake nkupereka ku yunivesite. Koma sindinena kuti patenti ndi yoipa ayi, chifukwa machubu oyambirira a X-ray anali osadalirika, ndipo chubu chabwino chomwe mtundu wake ukugwirabe ntchito mpaka lero anapanga ndi William Coolidge wa ku General Electric mu 1913, ndipo ameneyo patenti anatenga, kampani inaika ndalama zake podziwa kuti zibwerera. CT scan, X-ray yojambula thupi mozungulira mothandizidwa ndi kompyuta, nayo ndi chimodzimodzi, Godfrey Hounsfield anaipangira ku kampani ya EMI ku England, wodwala woyamba anajambulidwa mu 1971, ndipo Nobel ya 1979 anagawana ndi Allan Cormack yemwe anabadwira ku Johannesburg konkuno kumwera. Munthu wakhetsa thukuta adyepo, ine ndilibe nazo vuto, ndiponso patenti m'mayiko ambiri imatha pakapita zaka 20, ikatha ena amalowapo, nchifukwa chake makampani ngati Mindray ya ku Shenzhen akutha kugulitsa makina a sikani otsikirapo mtengo. Nafenso a Malawi tili mu ARIPO, bungwe loona za mapatenti la mayiko a mu Africa lomwe likulu lake lili ku Harare, nde mnyamata wa kuno akatulukira chinthu njira yotetezera nzeru zake ilipo.

Chomwe chimandiwawa ine ndi china. Makina ambiri atsopanowa amabwera omatidwa, alibe sikuluwu yoti utsegule, mapulani a bodi sapereka, sipeya sagulitsa kwa munthu wamba, ndipo ena pulogalamu yake umalipira chaka ndi chaka m'madola kuti zina zizigwira. Ndinawafunsa adokotala kuti kachipangizoka kakafa mumatani, anati timatumiza kunja nkudikira. Tangoganizani, mwina changoduka chingwe kapena batire latopa, zinthu zoti anyamata okonza mafoni pa Boma pano timapanga tsiku lililonse, koma amayi a ku Makanjira, Namwera, Chilipa adikire miyezi chifukwa palibe wololedwa kutsegula. Patenti cholinga chake nchoti wotulukira afotokoze poyera mmene chinthu chake chimagwirira ntchito, boma nkumuteteza kwa zaka zowerengeka, sikuti chinthu chomwe munthu wagula ndi ndalama zake chisakonzedwe. Ndipo poti zonsezi zimagulidwa m'madola, kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa kujambulitsa unakwera nawo, wolipira mapeto ake ndi msodzi ndi mayi wogulitsa usipa. Nde mukamva mtengo pa windo paja musathamangire kunena kuti akuba, gawo lalikulu silikhala m'thumba mwawo.

Makina amenewa akafika malo oyenera amasintha zinthu zenizeni. MRI, makina ojambula mkati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito, yoyamba m'Malawi muno inaikidwa ku Queens mu 2008, ndipo ndi makina amenewo omwe anathandiza gulu la Dr Terrie Taylor kupeza kuti ana ambiri omwe amamwalira ndi malungo a mu ubongo chimawapha ndi kutupa kwa ubongo, zotsatira zake zinatuluka mu 2015 dziko lonse nkuphunzirapo kuchokera kwa ana a kuno. Kwa ife a Mangochi komwe malungo sachoka, nkhani imeneyi si yakutali.

Tsopano zodandaula zanga pa kiliniki imeneyi, ndipo eni ake ngati muwerenge izi mumve ngati malangizo a m'bale wanu. Choyamba mitengo sinalembedwe paliponse, umafunsa pa windo anthu onse akumva, ndipo ndalama yoonana ndi dokotala ndi yapadera ndi ya kujambula, zomwe ambiri amazidziwa atalowa kale. Munthu wachokera kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi, walipira kabaza, wawerengera ndalama yake ndendende, nkumuuza kuti pali ina yowonjezera, amachita manyazi nkubwerera osajambulitsa, ndinaona ndi maso anga mayi wina akumasula mfundo ya chitenje kuwerenga kawiri kenako nkunyamuka mwakachetechete. Pepala limodzi pakhoma likanathetsa zonsezi.

Chachiwiri, ndipo ichi nde chachikulu, zithunzi. Pa X-ray ya bambo anafuna kungojambula sikirini ya kompyuta ndi foni nkunditumizira pa WhatsApp. Aaa ayi, zimenezo si zoona. Chithunzi cha X-ray chenicheni chimasungidwa mu fayilo ya mtundu wa DICOM yomwe imasunga kuwala konse kuti dokotala wina athe kukulitsa ndi kusintha, pomwe chojambula pa sikirini chimabwera ndi kunyezimira kwa windo, kenako WhatsApp nkuchifinyanso, timadontho ting'onoting'ono ta m'mapapo tomwe dokotala akufuna kuona timasowa. Nditapempha anandiikira pa fulashi yanga popanda kukangana, kutanthauza kuti nzotheka kungoti sanazolowere. Makina a mamiliyoni, nzeru za anthu za zaka zoposa 100, nkumaliza ndi chithunzi chopendekeka cha pa foni, zimandipweteka ndithu. Nde tengani fulashi yopanda mavairasi, pemphani fayilo, pemphaninso kuti zomwe apeza azilembe m'buku lanu la kuchipatala osangokuuzani pakamwa. Pa sikani pulinta yawo inalibe pepala tsiku limenelo, madamu anadandaula chifukwa ankafuna akaonetse amayi awo, koma masabata ndi zonse anatilembera m'buku la sikelo.

Chachitatu ndi chinsinsi cha wodwala. Pa bedi la sikani pali katani chabe, mawu onse amamveka kwa yemwe ali mbali inayo, ndipo wojambula ndi wamwamuna yekha. Kuno kwathu amayi ambiri, makamaka achisilamu, samasuka kuvula mimba pamaso pa mwamuna wachilendo, ena amuna awo sangalole nkomwe. Namwino wamkazi amakhalapo ukapempha, koma bwenzi ataphunzitsa mzamba mmodzi wamkazi kugwira kachipangizo kaja, makasitomala akanachuluka kuposa pano, poti ubwino wa tizipangizo timeneti ndi womwewo woti mzamba atha kuphunzira zoyambirira osadikira katswiri wa ku Blantyre.

Za magetsi, sikani siivuta chifukwa tabuleti ili ndi batire lake ndipo ali ndi sola yochajira, magetsi akazima ntchito imapitirira. X-ray nde imafuna mphamvu zambiri, amadikira aliza jenereta, ndipo nthawi ya kusowa kwa mafuta atha kukuuzani kuti mubwere mawa. Nde a kutali imbani kaye foni musanakwere minibasi. Nthawi yabwino ndi m'mawa kusanatenthe, makamaka miyezi ya Okutobala ndi Novembala pomwe kachipinda ka X-ray kamasanduka ng'anjo masana, komanso wa sikani ya mimba yaing'ono wamwa madzi ambiri sangapirire mzere wautali, muuzeni wa pa windo akulowetseni msanga, amamva. Lachisanu masana antchito ena amapita ku mzikiti nde mzere umayenda pang'onopang'ono, ndipo Loweruka amatseka dzuwa likafika pamutu, a ku Makanjira ndi ku Monkey Bay musanyamuke tsiku limenelo.